Benchi Yonenepa ya a Chiumia

Aliyense wodutsa pamsewu wa tala chakumwera kwa Chintheche amayamba waona benchi ya a Winston Chiumia asanaone eni ake. Ili pansi pa mtengo wa mango, yakuda bii ndi thukuta la zaka zambiri, ndipo ndi yochindikala mopanda manyazi. Munthu wamkulu akatambasula chikhatho m'mphepete mwake, chala chachikulu chili pamwamba, chaching'ono sichifika pansi. Amisiri anzawo amanyamula mabenchi awo n'kulowetsa m'nyumba mvula ikabwera. Ya a Chiumia mvula imangoinyambita n'kupita. Ngakhale nyumba yawo inamangidwa pamene iliripo chifukwa benchi inakana kupita kumene kunali nyumba.

Bambo ameneyu anabadwira komweko, m'banja la asodzi, koma nyanja inawakana akadali mnyamata. Akangokwera bwato, zam'mimba zonse zinkabwerera kumene zinalowera, mpaka abale awo anatopa kuwaseka n'kuwatumiza kwa amalume awo ku Bulawayo. Kumeneko anaphunzira kupala matabwa. Anabwerako ndi puleni yopalira, tayi wofiira, ndi kachitsulo kopanira matabwa kaja amisiri amati kilampu. Tayiyo anatha kalekale koma anasiya mtundu, pakuti mpaka lero a Chiumia sagwira puleni khosi lili pamtunda. Amamanga tayi, n'kumupisa m'malaya kuti asakodwe, ndiye ntchito iyambe.

Benchiyo inachokera ku mbawa yaikulu imene msodzi wina anagwetsa kuti aseme bwato. Ali mkati mosema, mtengo unang'aluka cham'mbali, mwini wake n'kuusiya kuthengo akutukwana. A Chiumia anapempha chigawo chapansi. Anthu anati zakumana zokhazokha: munthu wokanidwa ndi nyanja watola bwato lokanidwa ndi nyanja. Amuna a mudzi wonse anakoka chimtengocho ndi zingwe mpaka pansi pa mango, ndipo atafika pamenepo analumbira kuti sadzachikhudzanso. A Chiumia anapala pamwamba pake mpaka posalala, nawongola mbali imodzi yoimirako pogwira ntchito. Kumbuyo ndi kumapeto anasiya mimba ya bwato momwe inalili.

Maganizo awo sanali opusa. Benchi yopyapyala imavina pansi pa hamala, ukamenya tchizulo pogoba thabwa mphamvu yonse imathera m'kunjenjemera. Yochindikala imakhala phee, nkhonya iliyonse n'kulowa pamene waifuna. Chimene anaiwala n'chakuti kilampu ndi kamwa. Imayenera kumeza benchi ndi thabwa pamodzi, kenaka n'kuluma. Ya ku Bulawayo ija inayasama mpaka pamene inathera, koma ngakhale benchi yokhayo sinalowe. Atapeza kwa mnzawo vaisi yakale, chopanira china chomangirira pabenchi, mabauti ake anathera pakati pa mtengo osatulukira kunsi. Zitsulo zonse ziwiri zinakapachikidwa pakhonde, n'kumachita dzimbiri mwaulemu.

Tsiku loyamba kupala, thabwa linkathawa patsogolo pa puleni. Akalikankha, lapita. Atalitsamiza pa msomali, linang'aluka kumutu. Ali chiimire, thukuta lili kamukamu, anaona mtsikana akudutsa ndi beseni la chinangwa pamutu. Anali Mavis, mwana wa a Manda a cha ku Makuzi.

"Pepani achemwali, tandikhalirani pathabwa apa pang'ono."

"Ndakuuzani kuti ndatopa?"

"Ayi, thabwali ndi limene likusowa munthu."

Mavis anayang'ana tayi uja, anayang'ana thabwa, n'kuseka mpaka beseni kugwedezeka. Kenaka anatula katundu wake, nakhala. Thabwa linati duu. Puleni inayenda, zopalapala zinapiringizika n'kumagwa pansi, ndipo a Chiumia anapala thabwa lomwelo mpaka linatsala pang'ono kuonekera kuseri. M'mawa mwake mtsikana uja anadutsanso, ngakhale njira ya kumsika sinali imeneyo kwenikweni. Mwezi usanathe akulu a mpingo anaona kuti zokhala pathabwazi zafika patali, ndipo kunali bwino zikadalitsidwe kutchalitchi. Ena amafunsira mbeta ndi mawu okoma, koma a Chiumia anafunsira ndi thabwa lothawa.

Kuyambira pamenepo Mavis, amene tsopano aliyense amawatchula kuti NyaManda, akhala ali pabenchipo. Chinangwa amasendera pomwepo. Mpunga wa ku Limphasa amasankhira pomwepo, lichero lili pamiyendo. Mwana wawo Olive anayamwira pomwepo, akugwedezeka ndi puleni mpaka kugona. Nkhani zonse za pamsewu zimayamba zafika kwa NyaManda, iwo n'kuzipepeta, zotsala n'kupatsira amuna awo. Pamene zaka zinkapita thupi linkawonjezeka, ndipo a Chiumia ankanyadira kwa amisiri anzawo kuti kilampu yawo ndi yokhayo m'boma lonse la Nkhata Bay imene imakulira limodzi ndi ntchito. Zimenezi ankanena mayiwo atapita kumsika.

Mikangano nayo inkathera pomwepo. NyaManda sanali munthu wokalipa. A Chiumia akalakwa, mayiwo ankangodikira kuti amuna awo aike mphamvu zonse papuleni, ndiye n'kunyamuka mwakachetechete. Thabwa linkauluka, mmisiri n'kulitsatira chamimba, tayi ali patsogolo. Palibe mlandu wa m'banja mwawo umene unafika kwa ankhoswe. Komabe pali mawu amodzi amene a Chiumia sanawatulutsepo m'kamwa zaka zonsezi, aja amuna ena amangowamwaza ngati chimanga cha nkhuku. M'malo mwake, m'mawa uliwonse akamwa tiyi, ankaima pakhomo n'kunena kuti, "NyaManda, ntchito ikudikira." Kwa iwo zimenezo zinali zokwanira, ndipo ankakhulupirira kuti akazi awo amamva zonse zimene zili m'katimo.

Olive anakula nakhala namwino. Anakwatiwa ndi Desmond, wa zaumoyo wochokera ku Thyolo amene anatumizidwa kudzagwira ntchito ku Chintheche, kenaka onse awiri anasamutsidwira ku Zomba. Desmond ndi amene anabweretsa Chichewa m'nyumbamo. Akakhalapo, onse amasiya Chitonga kuti mkamwini asaganize kuti akumudya miseche, ngakhale nthawi zina amakhala akumudyadi.

Chaka chatha, nyengo ya mwera, awiriwa anabwera kudzacheza. Olive atatsika minibasi anapeza mayi ake ali pathabwa, imvi zili mbuu m'mphepete mwa duku, zopalapala zili m'mapewa. Zimene anaziona kuyambira ali khanda zinamupweteka mtima tsiku limenelo ngati akuziona koyamba.

"Ada, ama si mwala wotsamizira chitseko," anatero Olive kwa bambo ake atakhala pansi onse. "Tagwirizana ndi bambo a ana kuti tiwatenge. Akakhale nafe ku Zomba, akapume, azikacheza ndi adzukulu awo. Inunso ngati mukufuna tiyeni."

"Benchi ndisiyire ndani?" anafunsa a Chiumia.

"Ndiye tsalani nayo."

A Chiumia anamva mantha amene sanawamvepo chichokereni m'bwato. Anaona m'maganizo mwawo benchi ija ilibe munthu, tiyi wa kapu imodzi, nkhani za pamsewu zikudutsa osaima. Mawu oyenera anali pafupi, anafika mpaka pakhosi pamene pali mfundo ya tayi. Koma chimene chinatuluka n'chakuti, "Nanga thabwa azindigwirira ndani?"

NyaManda anawayang'ana nthawi yaitali, ngati munthu wodikira kuti mnzake amalize chiganizo. A Chiumia anangotsokomola.

"Chabwino," anatero mayiwo. "Pezani chitsulo chogwira thabwa. Chikaluma, ine ndapita. Ndatopa kukhala kilampu yosathiridwa ndi mafuta omwe."

M'mawa mwake Desmond anakwera ya ku Mzuzu, nabwerako ndi makilampu awiri onyezimira. Anapotokola imodzi mpaka pamapeto, naikankhira m'mphepete mwa benchi. Sinalowe. Anaitembenuza, anaipendeketsa, koma chitsulo chinangogunda mtengo n'kubwerera. A Chiumia anagwira chibwano n'kupukusa mutu mwachisoni, mumtima akuvina malipenga.

"Pepani akamwini, mwataya nthawi yanu. Benchi iyi inakana za ku Bulawayo, ndiye za ku Mzuzu zingatani?"

Desmond anagwada n'kusuzumira pansi. "Koma bambo, vutoli ndi laling'ono. Mutangogoba kunsi kuno malo awiri, m'mphepetemu mupyapyale pang'ono, kilampu ilowa. Pamwamba sipasintha chilichonse."

Amati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa, ndipo kameneka kanali kakuthwadi. Desmond ankanena zoona. A Chiumia anazidziwa zimenezi chaka chomwe anakwatira, ndipo inali ntchito ya m'mawa umodzi ndi tchizulo. Kungoti chaka chimenecho anali ataona kale kuti benchi yogobedwa idzawalanda chiyani. Choncho anakonza tayi wawo, nafotokoza modekha kuti mbawa yokalamba ikagobedwa kunsi imang'aluka mpaka pamwamba, chiswe chimapeza khomo, ndiponso mmisiri wina ku Bulawayo anayesa zomwezo benchi n'kumuthyokera pamapazi. Mmisiri ameneyu anabadwa nthawi yomweyo m'kamwa mwawo.

Olive ananyamuka. Anapita kuseri kwa nyumba, anathyola phesi la chinangwa, naliimika m'mphepete mwa benchi. Analidula molingana ndi kuchindikala kwake, n'kuliponya m'chikwama.

"Tibweranso pa Khirisimasi," anatero. "Ku Zomba tikasaka yoyasama kuposa phesi ili. Ama, muzikonzeka."

Miyezi yotsatirayo inali yowawa kwa a Chiumia. NyaManda ankakhala pathabwa monga mwa masiku onse, koma nkhani zawo zinasanduka za ku Zomba zokhazokha. Ati kumeneko kumazizira, ndiye anagula juzi pa kaunjika. Ati madzi amatuluka m'nyumba momwemo. Anachapa chikwama chawo chachikulu n'kuchiyanika pa chingwe choyang'anizana ndi benchi, ndipo chinakhala pamenepo masiku ambiri kuposa amene chikwama chimafuna kuti chiume. A Chiumia ankangopala, mtima ukuwawa.

Nzeru inawabwerera ali kutchalitchi, pakati pa ulaliki, malo amene nzeru zoipa zimakonda kufikira munthu. Ngati benchi ingapyapyale kunsi, ingathenso kuchindikala kunsi. Thabwa limodzi lokhomedwa pansi pa mbali yowongoka ija, lopakidwa zakuda, ndiye phesi la Olive lasanduka bodza. Anatuluka m'tchalitchi akumwetulira, mpaka abusa anaganiza kuti uthenga wawakhudza.

Koma kuchita kunavuta. Akatenga hamala, ankaona juzi ija. Nanga ngati mayiwo akufunadi kupita? Munthu wakhala pathabwa moyo wake wonse, kodi n'kulakwa kufuna mpando wa khushoni? Ankabwezera hamala pamalo pake n'kunena kuti mawa. Zengerezu adalinda kwawukwawu, Disembala n'kufika, mvula n'kuyamba.

Sabata yomaliza zinthu zinangosokonekera. Atabwerako ku maliro ku Bandawe, anapeza thabwa lawo la mlombwa, limene ankasungira mpando wa alendo a ku loji ina ya kunyanja, lasowa. Anakalipira oyandikana nawo, anakalipira odutsa pamsewu, anakayikira ngakhale mbuzi. Chitini cha misomali nacho chinapepuka. NyaManda anali atamanga kansanza pa chala chachikulu, ati mpeni unaterereka posenda chinangwa, ndipo za mlombwazo anangoti dziko laipa.

Tsiku lobwera alendo, Olive anaimba foni cham'mawa kuti basi yadutsa pa Dwangwa. NyaManda anatenga beseni kupita kukavuula chinangwa chimene anaviika. A Chiumia anaima pakhonde, anayang'ana chikwama chija chili chotsekatseka pakhomo, ndipo manyazi onse anawathera. Anatenga thabwa la bulugamu, hamala ndi misomali yotsala. Mawondo awo anali atasiya kalekale zogwada pansi pa mabenchi, ndiye analowa chokwawa, mafupa akulira, n'kugona chagada pa zopalapala.

Pamwamba pa nkhope yawo panali mlombwa wawo.

Unali utakhomedwa pamalo enieni amene iwo ankafuna kukhomapo bulugamu, m'mphepete mwake mutapakidwa makala osakaniza ndi mafuta akuda a kuchigayo. Kunja sunkaoneka, makamaka kwa munthu amene maso ake masiku ano amangoona mzere wa pensulo, komanso pamenepo m'pamene chitenje cha NyaManda chimalendewera tsiku lonse. Koma kunsiku kunali zoopsa. Misomali inali yambirimbiri, ina yopindika ngati mbedza, ina yolowa chammbali, ina yomenyedwa mpaka kugona. Pakati pa thabwalo panali chipsera chozungulira, pamene wina anachirikiza ndi musi kuti lisamugwere.

Choyamba kubwera chinali mkwiyo wa mmisiri. Mlombwa wabwinobwino! Ndani amakhoma mlombwa osayamba waboola? Kenaka anakumbukira kansanza ka pachala kaja, ndi tsiku lonse limene iwo anali ku Bandawe. Anaona mayi wa imvi atagona chagada pamene agona iwowa, akumenya chokweza m'mwamba mtengo wouma ngati mwala, akuphonya, akudziphwanya chala, n'kutenganso msomali wina. Ndiye juzi ija? Ndiye chikwama chija? A Chiumia anaseka okhaokha pansi pa benchi, kenaka kusekako kunasanduka china, misozi n'kumatsikira m'makutu. Anakhala pamenepo mpaka mtima unakhazikika. Atatuluka anabwezera bulugamu pamulu, nasasa zopalapala pamalaya.

Alendo anafika dzuwa lili paliwombo. Atamwa madzi ndi kulonjerana, Desmond anamasula katoni n'kutulutsa chikilampu chachikulu chakuda, cholemera ngati nangula. Olive anatulutsa phesi lija, louma tsopano, naliika kukamwa kwa chitsulocho. Linalowa, malo a thabwa n'kutsalako.

"Lero ndiye lero, ada," anatero Olive.

"Yesani, ana anga," anayankha a Chiumia, manja ali kumbuyo.

Desmond anaika thabwa pabenchi, anayasamitsa kilampu mpaka pamapeto, naikankha. Inagunda. Anakankhanso mwamphamvu, inagundanso. Anatenga phesi m'manja mwa mkazi wake n'kuliimika m'mphepete mwa benchi. Phesi linaperewera.

"Koma phesi lake ndi lomweli," anatero Desmond, akukanda m'mutu.

"Mwina lafota," anatero NyaManda ali pakhonde. "Chinangwa chikauma chimabwerera."

"Kufota kwake kotere, mayi?"

A Chiumia anatsokomola, nakonza tayi. "Akamwini, inu ndinu a kumapiri, mitengo ya kunyanja simuidziwa. Mbawa iyi inabadwira kukhala bwato. Ikangomva fungo la mvula imakumbuka madzi, ndiye imanenepa. Chaka chino mvula yayamba bwino."

Desmond sanali wopusa. Anayendetsa chala m'mphepete mwa benchi, chala chinabwerako chakuda, ndipo anaona kamzere kopyapyala pamene mtengo umodzi unakumana ndi unzake. Anakwinya buluku pamawondo, nayamba kuwerama kuti asuzumire kunsi monga anachitira ulendo woyamba.

NyaManda, amene masiku onse amadandaula msana akamanyamuka, anafika pabenchipo ngati mtsikana. Anakhala pathabwa lija pamwamba penipeni pa kamzereko, nayala chitenje chawo bwinobwino mpaka chinalendewera kunsi, mapazi ali lende.

"Pitirizani, bambo," anatero mokoma. "Musandione ine."

Desmond anauma ali chiweramire. Kuyambira ku Thyolo mpaka ku Nkhata Bay, palibe mkamwini amene analeredwa ndi anthu angalowetse mutu pansi pa pamene pakhala apongozi ake aakazi. Anadzuka msangamsanga, anabwerera m'mbuyo, maso ali kumtengo wa mango ngati akuwerenga zipatso.

"Ayi mayi, ndaona kale," anatero. "Yanenepadi."

Olive anayang'ana bambo ake, amene ankayang'ana kumsewu. Anayang'ana mayi ake, kenaka kansanza ka pachala. Anagwira dzanjalo monga namwino, namasula kansanzako pang'ono. Chikhadabo chinali chakuda bii.

"Ama, mpeni wake unali ndi mutu wa hamala?"

"Mipeni ya masiku ano," anatero NyaManda, akubweza dzanja lawo.

Olive anafuna kukalipa, koma kuseka kunamutsogolera, ndipo anaseka mpaka anakhala pansi pa zopalapala, akupukuta m'maso. Atapuma anati, "Nanga osangonena bwanji, anthu inu? Chitsulo ichi tachinyamula kuchokera ku Zomba!"

"Ine ndinanena kuti chikaluma ndipita," anatero mayi ake. "Chaluma?"

Chikilampu chija chinakapachikidwa pakhonde pambali pa cha ku Bulawayo, vaisi ija, ndi ziwiri za ku Mzuzu. Anagwirizana kuti adzukulu azibwera pa holide, ndipo NyaManda adzapita ku Zomba kukacheza masiku ochepa, juzi ija isapite pachabe. Masiku amenewo a Chiumia adzapumitsa puleni, azidzangokhoma ndi kupaka vanishi.

Alendo atabwerera kwawo, m'mawa wotsatira a Chiumia anamwa tiyi, anamanga tayi, naima pakhomo. Anatsegula pakamwa kuti anene za ntchito yodikira, koma anapeza NyaManda atakhala kale pathabwa, lichero lili pamiyendo. Anatenga puleni, anakankha kangapo, kenaka anaima.

"NyaManda."

"Ee."

"Mlombwa sakhoma osaboola. Misomali yanu yapindika yonse."

Mayiwo anatola kamwala mumpunga n'kukaponya kutali. "Zaka zonsezi ndili pano, munandiphunzitsapo kukhoma?"

"Ayi."

"Nanga yagwira kapena sinagwire?"

A Chiumia anayang'ana chala chomangidwa chija.

"Yagwira," anatero. "Musadzachoke."

NyaManda sanadzutse mutu. Anangosendera pang'ono kuti akhale pakati penipeni pa thabwa, n'kunena kuti, "Palani, dzuwa likukwera."

A Chiumia ndi mmisiri amene amaphwasula mpando wathunthu chifukwa cha mwendo umodzi wopendekera. Koma mlombwa uja ukadali pansi pa benchi mpaka lero, ndi misomali yake yonse yopindika, ndipo salola munthu kuwongolapo ngakhale umodzi.